KUWERENGA ZITHUNZI: Cikomekome ca Mkuyu pa Cikuto ndi pa Kanema

Kuwerenga malembo kunafika ku Madzimoyo kalekale. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni pamalopo m'caka ca 1903, patapita zaka zinai cikhazikitsire ya ku Magwero, ndipo kuyambira pamenepo ana a m'midzi yozungulira akhala akuphunzira kulumikiza zilembo. Lero m'nyumba zambiri muli munthu wotha kuwerenga kalata, cikalata ca feteleza kapena malangizo a pa botolo la mankhwala. Koma kulinso kuwerenga kwina kumene mabanja ambiri sanakuganizirepo, ndiko kuwerenga zithunzi.

Nkhaniyi siyocepa. Mnyamata akagulitsa nsawa kapena soya ku Chipata, amapatulako ndalama zogulira mabando a intaneti kuti aonere makanema a nyimbo pa foni. Mlongo wake amayang'anitsitsa nkhope zosalala za pa zikuto za magazini ndi pa makalenda. Zimene aŵiriwa amaona tsiku ndi tsiku ndizo zimawauza mwakacetecete kuti munthu wolemekezeka amaoneka bwanji, amakhala kuti, ndipo khungu lake nlotani. Ngati palibe wowathandiza kumvetsa, angayambe kuona khasu ngati cinthu camanyazi, ndi khungu lao lakuda ngati cirema.

Mfundo imene banja liri lonse liyenera kugwiritsa ndi iyi: cithunzi ca pa cikuto kapena ca m'kanema wa nyimbo sicigwa cokha ngati mvula. Cimakonzedwa ndi anthu, cimasankhidwa pakati pa zinzake zambiri, ndipo pali wina amene analipira ndalama kuti cioneke momwemo.

MMENE CIKUTO CIMAKONZEDWERA

Citsanzo cabwino ndi magazini ya Drum, imene acikulire ambiri akuikumbukira cifukwa inafika m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo machona ankabwera nayo kumudzi m'masutukesi. Inayamba ku Cape Town m'caka ca 1951 ndi dzina lakuti The African Drum. Makope oyamba anadzala ndi nkhani za mafumu, nthano ndi nyimbo za makolo, ndipo sanagulike kwenikweni. Pamenepo magaziniyo inasamukira ku Johannesburg, m'manja mwa a Jim Bailey, niyamba kulemba za moyo wa m'tauni: oimba, ankhonya, zigawenga ndi ndale. Pa cikuto panayamba kuoneka akazi okongola ovala za m'tauni, ndipo malonda anakwera. Mudzi unacoka pa cikuto cifukwa sunabweretse ndalama.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, wojambula zithunzi wa Drum, a Jürgen Schadeberg, anafuna kujambula woimba wochuka Dolly Rathebe atavala zosambira ngati ali m'mphepete mwa nyanja. Ku Johannesburg kulibe nyanja. Motero anapita naye pa mulu wa mcenga wotayidwa kucokera ku migodi ya golide, kuti mcengawo uoneke ngati wa kugombe. Apolisi a boma la tsankho anawagwira onse aŵiri, powaganizira kuti aphwanya lamulo loletsa cibwenzi pakati pa mzungu ndi munthu wakuda. Woona cithunzi cotere amaona mkazi wosangalala pa mcenga woyera. Mgodi sauona, ndipo apolisi aja sawaona.

Drum inacitanso nchito yaikulu yoyenera ulemu. Mu 1952 mtolankhani wake Henry Nxumalo anaulula nkhanza zimene anchito ankakumana nazo m'minda ya mbatata ku Bethal. Cikuto cinali nyambo yokokera wogula, ndipo m'kati munali nkhani zenizeni. Koma m'masamba a magazini otere munalinso malonda a mafuta oyeretsa khungu monga Ambi, oonetsa munthu woyererako ali ndi nchito yabwino ndi banja lokondwa. Mankhwala ena a m'mafuta amenewa, monga hydroquinone ndi mercury, amaononga khungu, ndipo mercury imavulazanso impso. Dziko la South Africa linaletsa kugulitsa mafuta odzola okhala ndi hydroquinone mu 1990, anthu ambiri atapsa kale nkhope.

Okonza zikuto ali ndi malamulo ao a nchito. Dzina la magazini limakhala pamwamba m'zilembo zazikulu, cifukwa m'sitolo magazini amasanjikizana ndipo mutu wokha ndiwo umaonekera. Nkhope imakhala imodzi, yaikulu, maso ake atalunjika kwa wodutsa, pakuti munthu akayang'anidwa amaima. Mtundu wofiira ndi wacikasu umagwiritsidwa nchito kaŵirikaŵiri popeza umaoneka patali. Mau a m'mbali amalonjeza cinsinsi osaciulula, kuti wofuna kudziŵa aturutse ndalama. Cithunzico cimasankhidwa pakati pa zambiri zojambulidwa tsiku lomwelo, kenaka cimakonzedwanso. Kale ankafafaniza ziphuphu ndi makwinya ndi kaburashi kakang'ono. Lero amacita ndi kompyuta, imene ingathe kuyeretsa khungu ndi kucepetsa ciuno m'kamphindi. Mtsikana wa ku Madzimoyo akadziyerekeza ndi nkhope yotere, akupikisana ndi munthu amene sanabadwepo.

KUCOKA PA MALEKODI KUFIKA PA FONI

Oimba a m'Zambia anadziŵa msanga mphamvu ya cikuto. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Mtsogoleri wa dziko a Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour ku Ndola anaturutsa malekodi ambiri. Gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi a Emmanuel Jagari Chanda, linaturutsa Lazy Bones mu 1975, ndipo a Paul Ngozi ndi gulu lao la Ngozi Family anaturutsa Day of Judgement mu 1976. Anthu ambiri a kumidzi sanawaonepo oimbawa ndi maso. Ankawadziŵa ndi mau a pa wailesi ndi zithunzi za pa zikuto za malekodi, ndipo mathalauzi otambalala kunsi, nsapato zazitali ndi tsitsi lowirira zinafika m'midzi kudzera m'njira yomweyo.

Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, koma kwa zaka zambiri inali ya anthu a m'tauni okhala ndi magetsi. Ku America nyumba ya MTV, imene panthawiyo inkaulutsa makanema a nyimbo usana ndi usiku, inayamba pa 1 August 1981, ndipo ku South Africa Channel O inayamba mu 1997. YouTube inadza mu 2005. Foni ndi kasolala ka padenga ndizo zinamaliza ulendowo, kotero kuti kanema wojambulidwa ku Lagos kapena ku Lusaka amaoneredwa pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wa ku Madzimoyo sabata lomwelo.

Kanema wa nyimbo amakonzedwa mosamala kuposa cikuto. Nyimbo imajambulidwa coyamba m'nyumba yojambulira mau, ndipo pa tsiku la zithunzi woimba amangotsata ndi milomo. Galimoto yonyezimira, nyumba ya pamwamba ndi zovala kaŵirikaŵiri zimakhala zobwereka kapena zolipiridwa kwa tsiku limodzi. Dzuŵa likaloŵa zimabwerera kwa eni ake. Wojambula akaika kamera pansi niiloza m'mwamba, woimba amaoneka wamkulu ndi woopsa ngati mfumu. Akaika kamera pa ziwalo za mkazi wovina osaonetsa nkhope yake, mkaziyo amasanduka katundu wokongoletsera malo. Zithunzi zimasinthana pa masekondi aŵiri kapena atatu ali onse kuti diso lisapeze mpata wofunsa. Botolo la moŵa likaonekera bwino dzina lake, nthawi zambiri mwini kampani walipirapo. Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwambiwu ukugwira nchito pa galasi la foni monga momwe unkagwirira pa mtengo.

Izi sizitanthauza kuti oimba ndi onyenga. Kanema ndi seŵero, ndipo seŵero liri ndi malo ake. Ngozi imadza pamene woonera aiŵala kuti ndi seŵero, nasiya munda wa makolo kuthamangira ku Lusaka kukafuna galimoto imene ngakhale woimbayo alibe.

MIYAMBO PA KANEMA

Makanema ena amaonetsa za kwao kwa anthu a kum'maŵa. Mu 2019 woimba Sampa the Great, wobadwira ku Zambia nakulira ku Botswana, anaturutsa kanema wa nyimbo ya Final Form wojambulidwa m'maiko aŵiriwo, ndipo m'menemo munaoneka ovina a Nyau. Nyimboyo inalandira mphotho ya ARIA ku Australia caka comweco. Mu 2022 anaturutsa Never Forget, yokumbukira oimba a Zamrock a m'zaka za m'ma 1970. Mwana wa m'dziko anaonetsa dziko lake kwa anthu akutali mopanda manyazi, ndipo ici ncoyamika.

Komabe ngakhale pamenepa woonera wanzeru amafunsa cimene catsala kunja. Kwa Acewa, Gule Wamkulu amaturuka pa maliro, pa cinamwali, pa kulonga ufumu ndi pa Kulamba ku Mkaika, ndipo cirombo ciri conse ciri ndi phunziro lake. Bungwe la UNESCO linazindikira guleyu mu 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Munthu wa ku Sydney woonera masekondi oŵerengeka amaona nthenga ndi fumbi, koma phunzirolo salimva. Cimodzimodzi ingoma ya pa Nc'wala ku Mtenguleni, mwambo umene unayambiranso mu 1980: cithunzi ca impi zonyamula zishango cimakongoletsa kalenda, koma sicinena kuti tsikulo ndi lothokoza cifukwa ca zipatso zoyamba za m'munda. Tanthauzo limatsala ndi eni mwambo, ndipo ngati iwo saliuza ana ao, anawo adzadziŵa mwambo wao monga momwe mlendo amaudziŵira, kunja kokha.

Palinso umboni wakuti cinthu ca kumudzi cingakope dziko lonse popanda zobwereka. Mu 2020 woimba wa ku Malaŵi Patience Namadingo anajambula kanema akuimba pamodzi ndi a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, nkhalamba yobadwa mu 1930. Cakumapeto kwa 2021 nyimbo ya Linny Hoo ya m'kanemayo inafalikira pa TikTok, nioneredwa ndi anthu mamiliyoni ambiri m'maiko osamva Cinyanja nkomwe. Cimene cinakoka anthu ndi mau a nkhalambayo, nkhope yake yosakonzedwa, ndi ulemu umene wamng'ono anapereka kwa wamkulu. Oimba acinyamata a ku Chipata, Katete ndi Chadiza aganizirepo asanakongole ndalama zobwerekera galimoto ya tsiku limodzi.

MAFUNSO A PA MPHASA

Kulanda ana foni sikuthetsa vuto, pakuti adzakaonera kwa anzao. Cothandiza ndi kukhala nao pa mphasa madzulo, kuonera pamodzi, ndi kufunsa mafunso amene mlimi amafunsa pogula ng'ombe. Iye sakhutira ndi kunenepa kwake. Amaona mano, amaiyendetsa, nafunsa cifukwa cimene mwini wake akuigulitsira.

Funso loyamba: anakonza cithunzici ndani, ndipo akufuna kugulitsa ciani? Laciŵiri: diso likukokeredwa pati, pa nkhope, pa thupi kapena pa botolo? Lacitatu: ndani akuoneka wamkulu, ndipo ndani waikidwa kumbuyo ngati cokongoletsera? Lacinai: nciani cimene cinali pambali koma sicinaonetsedwe? Lotsiriza: munthu akatha kuonera, amatsala akukonda kwao kapena akunyoza kwao?

Agogo osadziŵa kulemba dzina lao angathe kutsogolera phunziro limeneli, cifukwa amazindikira nsalu yosuluka ngakhale iri yatsopano m'sitolo. Aphunzitsi nao angatenge cikuto ca magazini yakale kuloŵa naco m'kalasi, ana nkucisanthula monga asanthulira ndime ya m'buku. Magulu a amai ndi a acinyamata m'mipingo angacite cimodzimodzi pa misonkhano yao. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana wozoloŵera kufunsa mafunso asanuwa adzasangalala ndi nyimbo monga kale, adzavina ndithu, koma ndalama za nsawa sadzazitaya pa mafuta ootcha nkhope, ndipo akadzagwira kamera iye mwini adzadziŵa kuti nkhokwe, dimba ndi nkhope za anthu a kwao nzoyenera kukhala pa cikuto.