Tsamba likachita chikasu, nkhokwe yayamba kuphwa

Mvula ikakhazikika, woyenda pa msewu wa Migowi mpaka ku Chiringa amaona minda yamitundu iwiri: ina yobiriwira bii, ina yachikasu. Ambiri amati ndi nthaka chabe. Ife tikuti mlimi aphunzire kuwerenga tsamba, chifukwa chimanga chomwe adzakolole chimaphikidwa m'menemo.

M'kati mwa tsamba muli timatumba tobiriwira, tosaoneka ndi maso, tomwe asayansi amati ma chloroplast. M'kathumba kalikonse muli zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi timapepala tosanjikizana ngati makobidi. Timeneti tili ndi utoto wobiriwira umene umakola kuwala kwa dzuwa, n'kuphwanya madzi ochokera kumizu, n'kutulutsa mpweya wabwino womwe timapuma. Chigawo chachiwiri ndi madzi okhathamira ozungulira timapepalato. Apa mphamvu ya dzuwa ija imagwiritsidwa ntchito posandutsa mpweya wa kaboni kukhala shuga. Shugayo ndi amene amapita kukadzaza maso a chimanga.

Utoto wobiriwirawo sungapangike popanda naitirojeni. Mukaona masamba a m'munsi akuchita chikasu kuyambira kunsonga, kutsata mtsempha wapakati, dziwani kuti mbewu ikusamutsa mchere wochepa womwe ili nawo kupita kumasamba atsopano. Ku Phalombe vutoli ndi lalikulu chifukwa madzi amadikha m'minda ya kuchigwa cha nyanja ya Chilwa n'kusukulutsa mcherewo, ndipo namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anakokolola nthaka yachonde m'madera ambiri.

N'chifukwa chake sitigwirizana ndi chizolowezi chogulitsa thumba la Urea kwa mavenda njala ikaluma mu Januwale. Tikudziwa kuti ana akamalira m'nyumba mtima suupeza. Koma Urea ali ndi naitirojeni wokwana 46 pa 100 aliyense, ndipo kumugulitsa n'kuitana njala ya chaka chamawa. Thirani feteleza wobereketsa pakatha masabata atatu chimanga chitamera, nthaka ili yachinyezi, ndipo mukwirire. Ngati feteleza wachepa, onjezerani manyowa, ndipo musasiye kubzala nandolo pakati pa chimanga, poti mizu yake imabwezera chonde m'nthaka.

Tsambalo litetezeninso kwa adani ena. Palirani msanga, udzu usalande dzuwa ndi chakudya. Yenderani munda kawiri pa sabata kuyang'ana ntchemberezandonda, mbozi zomwe zakhala zikuboola masamba m'dziko muno kuyambira nyengo ya 2016/17. Musathyole masamba obiriwira kukapatsa mbuzi chimanga chisanakhwime, makamaka tsamba la pachisononkho ndi onse a pamwamba pake, chifukwa amenewo ndiwo amadyetsa maso.

Alangizi a ku Naminjiwa, Waruma, Nkhulambe ndi madera ena afike m'minda panopa, masamba asanaume. Nanunso alimi, musadikire kuti akupezeni. Zulani phesi lachikasu mukawaonetse. Mmera m'poyamba.