Sitima yopanda maso isanyamuke

Amalawi anzanga, walira mvula walira matope. Anthu a m'Chigwa cha Shire akhala akulirira sitima kwa zaka zambiri. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1997 madzi osefukira adakokolola njanji pa Chiromo, Bangula n'kusiyana ndi Makhanga. Mu Sepitembala 2024 sitima yonyamula mafuta idafika pa Marka kuchokera ku Beira, anthu n'kuvina. Kuvinako n'kwabwino, koma funso lina sitinalifunse: kodi ndani adzakhale ndi mphamvu youza sitima kuti isanyamuke?

Abale athu amene mudathawira ku Mangalande mukudziwa kuti kumeneko sitima zina za anthu zimayenda popanda gadi. Dalaivala yekha ndiye amatseka zitseko, akuyang'ana pa kagalasi koonetsa zimene makamera a m'mbali mwa mabogi akuona. Kamera ikafa, saloledwa kungoganizira. Payenera kupezeka munthu woona ndi maso ake n'kupereka chizindikiro, apo ayi sitimayo ichotsedwe pa ulendo.

Iwo sachita izi chifukwa chokonda kuchedwa. Mu 2011, pa siteshoni ya James Street ku Liverpool, mtsikana wa zaka 16 adagwera pakati pa sitima ndi chiunda chokwererapo n'kufa, gadi atalola sitima kunyamuka mtsikanayo ali chitsamire bogi. Gadiyo adamangidwa zaka zisanu. Ngozi yonseyo idachitika m'kanthawi kochepa ka kunyamuka.

Tsono taganizirani siteshoni ya kwathu kuno. Amayi amagulitsa nthochi, mbatata ndi nsomba pa mawindo, ena akudikira chenje pamene injini yayamba kale kukoka. Ana amadutsa pansi pa mabogi. Ng'ombe ndi mbuzi za ku Nsanje sizidziwa wezulo. Choopsa china n'chakuti m'midzi yambiri ya m'mbali mwa njanji mwakula mbadwo wonse wosaonapo sitima ikuyenda, ndipo njanji adaisandutsa njira yopitira ku msika ndi ku dimba.

Makampani a masiku ano amakonda makina chifukwa makina safuna malipiro. Kamera ndi yabwino, sitikukana. Koma kuno dzuwa limaotcha, fumbi ndi lambiri, ndipo chipangizo chikafa chimadikira china chochokera kunja. Pa tsiku limenelo bwana adzaimba lamya kuti katundu akuchedwa, pitani choncho. Dalaivala adzayankha chiyani?

M'nthawi ya chipani chimodzi wantchito sankatsutsa bwana. Ukatero unali woukira. Pa 14 Juni 1993 tidavotera matipate kuti mantha otere athe, ndipo ayenera kuthanso mu injini ya sitima. Njanji zathu zidaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, koma moyo wa Mmalawi sudagulitsidwe nawo. Kuuteteza ndi ntchito ya boma.

Choncho tikupempha Unduna wa Zamtengatenga ndi aphungu a ku Nsanje ndi Chikwawa kuti alimbikire zinthu zitatu. Choyamba, lamulo lolembedwa lakuti kamera, wailesi, nyali kapena huta ikafa, sitima isanyamuke mpaka gadi kapena mkulu wa siteshoni ataona mabogi onse n'kukweza mbendera yobiriwira. Chachiwiri, dalaivala wokana kunyamuka chifukwa cha chipangizo chakufa asachotsedwe ntchito kapena kudulidwa malipiro. Chachitatu, ngozi iliyonse ifufuzidwe ndi anthu oima paokha, ndipo zotsatira zake zilengezedwe poyera, m'Chichewa ndi m'Chisena, kuti mafumu ndi anthu awo amve.

Kuthamanga sikufika. Shuga wa ku Nchalo ndi mafuta a ku Beira zingathe kudikira ola limodzi popanda kuonongeka. Aphungu athu, funsani za lamulo limeneli ku Nyumba ya Malamulo tsopano, tisanamve za maliro a mwana wa munthu pa siteshoni ya Bangula.