Wolandira chopereka aonetse buku

Abale ndi alongo m'Chisilamu, makamaka inu a ku Salima amene mumaponya maukonde pafupi ndi pamene Linthipe amathira m'nyanja: ena mwa madzi amenewo amayambira kumapiri a Dzalanyama. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango imeneyo, umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kenako n'kukalowa mu Linthipe. Nkhalangoyo ikutha. Wodutsa msewu wa ku Mitundu m'bandakucha amakumana ndi njinga zosenza matumba a makala kulunjika mumzinda, ndipo mu 2015 zinafika poti kunatumizidwa asilikali kuti akailondere. Mvula ikagwa, mabungwe amabwera ndi mbande, zikwangwani ndi ojambula zithunzi. Chiwerengero cha mitengo yodzalidwa timachimva pawailesi. Koma ndi kangati pamene munamva bungwe likulengeza mitengo imene yapulumuka pofika Okutobala, ndi ndalama zimene zalowa pa mtengo umodzi?

M'boma lomwelo la Lilongwe muli mudzi wa Chinkhota. Mu 2009 kunachitika mwambo woyambitsa ntchito yomanga sukulu ya atsikana ya bungwe la Raising Malawi, la woimba wa ku America, Madonna. Sukuluyo inayenera kudya madola 15 miliyoni. Anthu anachoka paminda yawo kuti ntchito iyambe. Pofika 2011 zinaululika kuti madola pafupifupi 3.8 miliyoni anali atatha, pa malipiro, magalimoto, maofesi ndi mapulani, koma kalasi panalibe ngakhale imodzi. Akuluakulu oyang'anira bungwelo anachotsedwa. Tinene chilungamo: pambuyo pake bungweli linamanga makalasi ku Kasungu ndi chipatala cha opaleshoni ya ana pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Komabe nkhani ija inatulukira m'nyuzipepala za kunja. A ku Chinkhota, eni minda, analibe buku loti atsegule.

Lamulo lilipo. Lamulo la mabungwe omwe si a boma, limene linakonzedwanso mu 2022, limafuna kuti bungwe lililonse lizipereka chaka ndi chaka malipoti a ndalama, ounikidwa ndi akatswiri, ku NGORA. Vuto ndi lakuti malipotiwo amathera m'maofesi, m'Chingerezi, pamene wothandizidwa ali ku Nathenje kapena ku Makanjira.

Tisaloze chala ena okha. Zakaat, sadaka ndi zopereka za Ramadan zimadutsa m'manja mwa makomiti athu a m'mizikiti ndi mabungwe athu. Qur'an yolemekezeka imatchula magulu 8 oyenera kulandira zakaat, ndipo osonkhanitsa ali m'gulumo; choncho malipiro a wogwira ntchito si tchimo, tchimo ndi kuwabisa. Ana anga a ku madrasa amadabwa ndikawauza kuti ndime yaitali koposa m'Buku lonse ndi yolamula kulemba ngongole pamaso pa mboni. Ngati ngongole ya anthu awiri iyenera kulembedwa, nanga chuma cha amasiye? Ena amati kufunsa Shehe kapena msungichuma za ndalama n'kupanda ulemu. Ine ndikuona kuti buku lotseguka limateteza msungichuma wokhulupirika ku miseche kuposa mmene lumbiro lingamutetezere.

M'nyengo ya kampeni mudzaona opikisana akubwera ndi malata a mzikiti, mijigo ndi matumba a ufa m'dzina la mabungwe awo achifundo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti. Musachite manyazi kufunsa pamsonkhano, amayi ndi abambo omwe: bungweli linalembetsedwa kodi, ndalama zake zachokera kwa yani, ndipo lipoti la chaka chatha lili kuti? Wofuna ukhansala kapena uphungu alonjeze kuti bungwe lililonse logwira ntchito m'dera lake lidzamata ndondomeko ya ndalama zake, m'Chichewa ndi m'Chiyao, pakhoma la ofesi ya khonsolo. Ife tiyambe Lachisanu likudzali: swala ya Jumu'ah ikatha, komiti iwerenge pamaso pa onse zimene zinalowa m'bokosi mwezi wathawu ndi kumene zinapita.