Ndatola, galu wa m'ngalande

Ndinamupeza m'ngalande m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje, nthiti zikuwerengeka, makutu atadzaza nkhupakupa zonenepa ngati nyemba. Ndinamukulunga m'thumba la feteleza n'kukwera naye njinga yamoto mpaka kwathu ku Mitundu. Dzina linabwera lokha: Ndatola.

Amalume atamuona anagwira pakamwa. "Iwe, galu wa mphere ngati uyu ungomusiya afe. Kapena walowa chipembedzo cha aja a ku Amitofo?" Ankanena za malo olerera ana amasiye a Abuda ku Mapanga, ku Blantyre, amene anayambitsidwa ndi Hui Li wa ku Taiwan. Kumeneko sadya nyama, ndipo lamulo loyamba la chipembedzo chawo n'lakuti usaphe chamoyo chilichonse. Ndinayankha kuti, "Ayi amalume, ndikadali wa mpingo wathu womwewu." Koma mawu awo anandikhala. Kwa amalume, kuchitira chifundo galu ndi khalidwe la alendo.

Kwathu kuno galu ndi mlonda wosalipidwa. Timafuna auwe usiku wonse pa khola la mbuzi, malipiro ake mkute wa nsima ukatsala. Akayamba kuyenda mopenga timamugenda, kuopa chiwewe. Manthawo ndi oona: munthu akayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, kupulumuka n'kosowa. Koma mwala suteteza mwana. Chimene chimateteza ndi katemera, ndipo akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. Ndatola ndinamunyamula kupita naye kwa alangizi a ziweto kukamubayitsa, anthu pamsika akundiseka. Madokotala a ziweto akuphunzira pa Bunda pompano, ife oyandikana nawo tikudalirabe legeni.

Chifundo chimadya ndalama, ndisakunamizeni. Phala la madeya, bonya wa pamsika wa Mitundu, mankhwala a utitiri, kumusambitsa iye akulira ngati ndikumupha. Sabata yachitatu anatafuna nsapato yanga ya kutchalitchi, ndipo kwa kanthawi ndinagwirizana ndi amalume.

Pano ubweya wamera, wofiirira. Dzulo madzulo ndinapeza amalume ali pakhonde, akusenda mbatata yootcha. Anayang'ana uku ndi uku, nagwetsa kachidutswa pafupi ndi phazi lawo. Atandiona anatsokomola: "Yapsa kwambiri iyi, sindingadye."