Buku Ndilo Kalilole wa Nyengo Yake

Mwezi uno tikambe za mabuku awiri.

M'chaka cha 1850 Nathaniel Hawthorne wa ku America anatulutsa buku lotchedwa The Scarlet Letter. Nkhani yake inachitikira ku Boston zaka 200 m'mbuyo mwake, m'masiku a Apuritani, ndiwo Akhristu a malamulo ouma. Mkazi wina, Hester Prynne, atabala mwana wapathengo, anamuveka chilembo chofiira pachifuwa kuti achite manyazi masiku ake onse. Koma mwamuna wochimwa naye, ndiye mbusa wa mpingo, anabisala nalemekezedwabe. Hawthorne, mbadwa ya Apuritani omwewo, analemba nyengoyo itapita kale, naweruza nkhanza za makolo ake.

Kuno kwathu, Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, anatulutsa Nthondo m'chaka cha 1933, ndipo T. Cullen Young, amene anatumikira Mishoni ya Livingstonia, ya ku Khondowe kuno ku Rumphi, analimasulira m'Chingerezi, nilituluka m'chaka cha 1934. Nthondo akula wosamvera, apita kutali kukagwira ntchito, abwerera, alowa ufumu, natembenuka mtima. Koma Ntara analemba ali m'kati mwa nyengo ya mishoni; chotero mudzi auona ndi maso a sukulu ya mishoni, ndipo kwa iye mathero abwino ndiwo kutembenuka.

Tsono powerengera ana madzulo, tizifunsa: analemba ndani, liti, ataima pati? Ndipo tidzifunse ife eni: mtsikana akalakwa m'mudzi mwathu, kodi sitimuveka chilembo iye yekha, mwamunayo osamkhudza?