KODI NSOMBA ZONSE ZA KU CHIRUNGA ZIDAWOLA?

Mayeso a Fomu 4 akamayandikira, nkhani ya kumene tidzalowere tikachoka pano imakula mkamwa. Ena adzapitirira ku seminale yaikulu. Ena, mwayi ukalola, adzapita ku Zomba, ku sukulu ya ukachenjede imene tidazolowera kuitchula kuti Chanco, ngakhale kuti kuyambira 2021 dzina lake ndi University of Malawi. Koma ukangotchula dzinali kumudzi, akuluakulu amapukusa mitu. Amati ophunzira a kumeneko ndi zidakwa, amwano, otukwana, ndipo akangofika amataya chipembedzo. Kodi zimenezi n'zoona? Ine ndikuti choona chilipo, koma n'chochepa poyerekeza ndi bodza lake.

Tisanamizane anzanga, utsi sufuka popanda moto. Alipodi ophunzira amene akakwera basi popita ku masewera amaimba zolaula pa windo. Alipo amene amathera ndalama za chakudya ku mowa, ndiponso amene pa zionetsero amathamangira miyala. Mayi wogulitsa tomato pamsewu akatukwanidwa ndi mwana wa msinkhu wa mwana wake saiwala, ndipo sindingamudzudzule. Palibe digiri imene ingatsuke khalidwe lotere.

Koma tiyeni tidzifunse: kodi amene amaoneka pamsewu ndi angati? Pa Chirunga pali ophunzira zikwizikwi. Waphokoso amamveka kutali, pamene mnzake amene wachezera m'laibulale palibe amamuona. Palibenso amasimba za uja amachita lendi kachipinda ku Chikanda, amadya kamodzi pa tsiku, koma osajomba m'kalasi. Aphunzitsi ambiri a m'masekondale mwathu, maloya ndi oweruza milandu adadutsa pomwepo. Akadakhala kuti onse ndi zidakwa, bwenzi dziko lino likuyendetsedwa ndi yani? Paja amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mwambiwu umatichenjeza kuti mmodzi amaipitsa mbiri ya anzake. Sutipatsa ufulu woweruza anthu amene sitikuwadziwa.

Palinso china chimene onyoza amaiwala. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith, imene idadzudzula kusowa kwa chilungamo m'dziko. Nthawi imeneyo kutsutsa boma la chipani chimodzi kunali kuputa ndende kapena imfa. Akuluakulu ambiri adatseka pakamwa. Ophunzira a Chancellor College adatuluka nayenda m'misewu ya Zomba pogwirizana ndi maepiskopiwo, ndipo koleji yawo idatsekedwa. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri. Nanga anthu otaya chipembedzo ndi osasamala za anzawo akadaika maphunziro awo pachiswe chotere?

Mu 2011 zidachitikanso. Mphunzitsi wa za ndale, Dr Blessings Chinsinga, adaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kukafunsidwa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi chokhudza kuukira boma ku Egypt ndi Tunisia. Aphunzitsi adanyanyala ntchito kwa miyezi yambiri pofuna ufulu wophunzitsa mopanda mantha, ndipo ophunzira ochuluka adaima nawo, ngakhale kuti otaya nthawi anali iwo omwe.

Apa ndiye pagona nkhani. Kawirikawiri timasakaniza mwano ndi kulimba mtima. Kutukwana munthu wodutsa ndi mwano. Kufunsa wolamula kuti "chifukwa chiyani?" si mwano, ndi ntchito imene yunivesite idakhazikitsidwira. Ife tidaleredwa kuti mwana sayankha akulu, n'chifukwa chake wophunzira wofunsa mafunso amationekera ngati wosaleredwa.

Nafenso pano anthu amatiika m'dengu limodzi. Ena amati tonse ndife angelo, ena amati tikangotuluka pa geti timalowerera kuposa wina aliyense. Tikudziwa tokha kuti zonse ziwirizi si zoona kwa aliyense. Bwanji tsono tiziwachitira anzathu zimene ife zimatiwawa?

Kwa inu amene mudzapite ku Zomba, kumbukirani kuti kumeneko kulibe belu lokudzutsani, kulibenso woyang'anira wokuwerengani usiku. Ufulu wotere suumba munthu watsopano, umangovundukula amene analipo kale. Choncho m'malo moopa mbiri ya Chirunga, aliyense adzifunse lero lino: belu likadzasiya kulira, ndidzadzuka ndekha kodi?