Mkaka Umene Tinkapereka kwa Odwala Zilonda za M'mimba

Poyendera odwala m'makomo, pali malangizo amene takhala tikupereka kwa zaka zambiri osadzifunsa kuti tinawatenga kuti. Munthu akadandaula kuti m'mimba mukuotcha, makamaka usiku kapena akakhala ndi njala, timati: "Zimenezo ndi zilonda. Chepetsani nkhawa, siyani tsabola, muzimwa mkaka." Enafe tinkachita kugula mkakawo ndi ndalama zathu, n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Malangizo a mkakawa sanayambire kumudzi ayi, anachokera kwa madokotala. Mu 1915, dokotala wa ku Chicago dzina lake Bertram Sippy anafalitsa njira yopatsa odwala zilonda za m'mimba mkaka ola lililonse pamodzi ndi mankhwala ochepetsa asidi. Zinkamveka zanzeru: ngati asidi ndiye akudya chifu, muziziritseni. Madokotala ankaphunzitsidwanso kuti m'chifu simungakhale kachilombo chifukwa asidi wake ndi waukali. Nkhaniyo inkaoneka kuti yatha, ndipo ochepa okha ndiwo ankaganiza zoiyang'ananso.

Mu 1979, Robin Warren, amene ntchito yake inali yoyeza tizidutswa ta m'thupi pa chipatala cha Royal Perth ku Australia, anayamba kuona tizilombo topindika pa tizidutswa ta chifu cha odwala. Sanali woyamba kutiona. Ena anationapo zaka zambiri m'mbuyomo, koma nkhaniyo inkangozilala, poti aliyense ankadziwa kale kuti m'chifu simukhala kanthu. Warren anapitiriza kulemba zimene maso ake ankaona, ndipo mu 1981 dokotala wachinyamata, Barry Marshall, anayamba kugwira naye ntchito.

Anayesa kambirimbiri kumeretsa tizilomboto m'timbale ta mu labotale, koma sizinkatheka. Chimene chinkalepheretsa ndicho chimatigwira mtima ifeyo. Mu labotalemo munali chizolowezi chakuti kambale kakatha masiku awiri osamera kanthu, katayidwe. Chizolowezicho sichinali cholakwika, chinakonzedwera tizilombo tomera msanga. Koma pa tchuthi cha Pasaka cha 1982 timbale tina tinatsala masiku angapo osatayidwa, ndipo anthu pobwerera kuntchito anapeza tizilombo tamera. Tinkangofuna nthawi yotalikirapo basi. Miyezi yonseyo, yankho ankalitaya okha ndi manja awo.

Ngakhale zinali choncho, madokotala anzawo sanakhulupirire. Mu 1984 Marshall anamwa dala madzi odzaza ndi tizilomboto, osamuuza n'komwe mkazi wake, zomwe ife sitingayamikire m'banja lililonse. Patangopita masiku ochepa anayamba kusanza, ndipo atamuunika anapeza chifu chake chatupa. Kachilomboko lero kamatchedwa Helicobacter pylori, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel.

Nanga ife, patatha zaka zonsezi, n'chifukwa chiyani tinali tidakali pa mkaka? Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, kenako umachititsa chifu kutulutsa asidi wina. Tsabola ndi nkhawa zingawonjezere ululu, koma zilonda zambiri zimayamba ndi kachilomboka kapena mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, omwe ambirife timangogula n'kumamwa tsiku ndi tsiku msana ukavuta. Ndipo kachilomboka kamaphedwa ndi mankhwala, kawirikawiri maantibayotiki awiri pamodzi ndi ochepetsa asidi monga omeprazole, kwa milungu pafupifupi iwiri.

Mwezi watha tinakhala pansi ndi kope limene timalembamo malangizo oyendera odwala. Pa mzere uliwonse tinafunsana kuti anatiuza zimenezi ndani, ndipo panthawiyo ankafuna kuthetsa vuto lanji. Mizere yambiri inapulumuka. Wosamba m'manja ndi womwa madzi otetezedwa tinachita kuudula mzere kunsi, chifukwa kachilomboka kamafala kwambiri kumene madzi ndi ukhondo n'zovuta, nthawi zambiri munthu akadali mwana. Koma wa mkaka tinaufufuta.

Sizinayende mosalala. Mayi wina wachikulire, amene anayamba ntchitoyi ifeyo tisanakwatiwe n'komwe, anati: "Ana inu, ine ndamwa mkaka zaka khumi, ndipo umandithandiza." Tinakhala chete kaye, poti kutsutsa munthu wamkulu pagulu sikophweka. Kenako mmodzi wa ife anafunsa mwaulemu kuti: "Amayi, koma zaka khumi zonsezi chilondacho chinapola?" Iwo anaseka, n'kunena kuti tidzawaperekeze kuchipatala Lachiwiri.

Pamalo pa mzere wakalewo tinalemba kuti amene m'mimba mwakhala mukumuotcha kwa milungu ingapo apite kuchipatala, akauze dokotala mankhwala onse opha ululu amene akumwa, ndipo akafunse za Helicobacter pylori. Akapatsidwa mankhwala amalize onse, ngakhale atayamba kupeza bwino pa tsiku lachitatu. Amene akusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii ngati phula asadikire kuti kuche.